Laputopu ikuchedwa kwambiri, kodi ndiifomate?

Mayi a Tamanda: Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi kashopu kotaipa ndi kupulinta mapepala pa Mponela. Laputopu yomwe ndimagwiritsa ntchito ndi HP 250 G5, ya Core i3, RAM 4GB, ndipo ili ndi Windows 10. Masiku ano ndikaiyatsa m'mawa ndimasesa shopu yonse isanafike poti nditsegule Word. Kasitomala akabwera ndi CV yake amadikira mpaka kutopa, ena amanyamuka n'kupita kwina. Mnyamata wina wandiuza kuti ingofunika kufomata, aike Windows ina, ithamanga ngati yatsopano. Ndisanamupatse ndati ndifunse kaye kuno. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga mafayilo anga? Muli ma CV a anthu, makalata a mpingo, mayeso omwe masukulu amanditumizira chaka ndi chaka, ndi zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga.

Wa ku Ndirande: Amayi, mnyamatayo sakunama. Yanga inkatero, nditafomata inasintha tsiku lomwelo. Mupatseni basi.

Wokonza Makompyuta Area 25: Amayi, musamupatse kaye. Kufomata kumathandiza ndithu, koma kumachiza matenda amodzi okha, omwe ndi Windows yodzadza ndi zinyalala. Ngati vuto lili pa hadi disiki, ndiye kuti mutaya tsiku lonse, mulipira mnyamatayo, pakangotha sabata ziwiri mubwerera pomwe munali. Tiyeni tione kaye chomwe chikuikoka. Mukaiyatsa, dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi. Itsegula Task Manager. Ikabwera yaing'ono, dinani More details pansipo. Pamwamba muona CPU, Memory ndi Disk, chilichonse ndi maperesenti ake. Mutiuze manambalawo ikangoyaka, kenako mutiuzenso pakatha mphindi khumi musanatsegule chilichonse.

Mayi a Tamanda: Ndachita achimwene. Itangoyaka, Disk inali pa 100%, Memory 78%, CPU ikungosinthasintha koma siikudutsa 30%. Patatha mphindi khumi Disk ikadali pa 100% yomweyo.

Wokonza Makompyuta Area 25: Ndiye purosesa yanu, CPU ija, ilibe mlandu. Ikungokhala kudikira disiki. Malaputopu amenewo ambiri anabwera ndi hadi disiki ya 500GB, ija yokhala ndi mbale yozungulira m'kati, yomwe imazungulira ka 5400 pa mphindi. Windows 10 imakonda kuwerenga timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri nthawi imodzi, ndipo disiki yotere imavutika nazo ngakhale ili yabwinobwino. Pamwamba pa zimenezo, RAM yanu, Memory ija yomwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, ndi ya 4GB yokha. RAM ikadzadza, Windows imayamba kusungira zina pa disiki yomweyo, yomwe yatopa kale. N'chifukwa chake mukatsegula Word ndi Chrome pamodzi imangoima.

Pali chinthu china chomwe ndikufuna muone. Tsitsani kapulogalamu kotchedwa CrystalDiskInfo, n'kaulere ndipo sikadya bandulo yambiri. Kamawerenga zomwe disiki imalemba yokha zokhudza umoyo wake. Kakaonetsa Good mu mtundu wa buluu, disiki ili bwino. Kakaonetsa Caution mu chikasu, yayamba kuwonongeka.

Aphunzitsi a ku Ntcheu: Ndikufuna nditsindike pa nkhani ya mafayilo, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amalirira. Kusukulu kwathu kompyuta ya mu ofesi inapititsidwa kwa wokonza wina m'tauni. Anafunsa kuti, "Muli zofunika?" Amene anaipititsayo anayankha kuti ingokonzani. Inabwera ikuthamanga bwino, koma malikisi a ana a zaka zingapo, ma scheme of work, makalata onse, zonse zinapita. Aphunzitsi tinayamba kufufuza m'makabati kuti tilembenso kuchokera pa mapepala. Amayi, laputopu isachoke m'manja mwanu musanakopere zinthu zanu nokha, ndi maso anu. Musadalire mawu oti "tisunga".

Wa ku Ndirande: Koma aphunzitsi, ngati mafayilo ali pa D palibe vuto. Amafomata C yokha, D imatsala momwemo.

Wokonza Makompyuta Area 25: Achimwene, zimenezo n'zoona pang'ono chabe. Inde, munthu wosamala akafomata C yokha, D siikhudzidwa. Koma choyamba, Desktop, Documents, Downloads ndi Pictures zonse zimakhala pa C, ndipo anthu ambiri amasunga zinthu pa Desktop. Chachiwiri, pa laputopu ngati imeneyi C ndi D si madisiki awiri. Ndi disiki imodzi yomwe anangoigawa, ngati nyumba imodzi ya zipinda ziwiri: denga likagwa, lagwera zonse. Ndipo pa sikirini ija yosankha poika Windows, zigawo za disikizi, ma partition, zimaoneka ngati Drive 0 Partition 2, Drive 0 Partition 4, osati C ndi D. Munthu wothamanga amafufuta yolakwika mosavuta.

Mayi a Tamanda: Ndatsitsa ka CrystalDiskInfo kaja. Kakuonetsa Caution, yachikasu. Pansi pali mzere wolembedwa Reallocated Sectors Count, nawonso uli ndi kadontho kachikasu. Mtima wanga wagunda. Kodi zinthu zanga zatha?

Wokonza Makompyuta Area 25: Sizinathe amayi, khazikani mtima pansi. Tanthauzo lake n'lakuti malo ena pa disiki anawonongeka, ndipo disikiyo yakhala ikusamutsira zinthu pamalo ena osungira. Ikugwirabe ntchito, koma siyodalirikanso. Ikhoza kukhala miyezi, ikhozanso kufa mawa. Tsopano tamvetsa chifukwa chomwe Disk siikutsika pa 100%: ikafika pamalo owonongeka imawerenga mobwerezabwereza, kompyuta yonse n'kumadikira.

Ndiye musafomate disiki imeneyi. Kuika Windows kumalemba zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo disiki yodwala ikhoza kufera pakati pa ntchitoyo. Lero lomwe, pezani flashi yaikulu kapena external, hadi disiki yolumikiza pa USB, muyambe kukopera. Yambani ndi zomwe simungazipezenso kwina: zithunzi za ukwati, makalata a mpingo, mayeso, ma CV. Nyimbo ndi mafilimu zibwere kumapeto. Musasankhe zonse pakamodzi, koperani foda imodzi imodzi, kuti ikakakamira pa fayilo ina mudziwe kuti ndi iti, muidumphe. Mukamaliza, tengani flashiyo mukaitsegule pa kompyuta ina, mutsegule mafayilo angapo muone ngati akutsegukadi.

Mlongo wa ku Joni: Achemwali, ndiwonjezereko. Flashi imene mukoperepoyo isakhale ija imalowa m'makompyuta a makasitomala. Mashopu otaipa ndi momwe vairasi ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut imafalikira kwambiri. Mukakopera pa flashi yodwala, mudzaibweretsanso pa Windows yatsopanoyo tsiku loyamba lomwe. Zofunika kwambiri, ngati zili zolembalemba chabe, ziikeninso pa Google Drive. Amapereka 15GB yaulere, ndipo mafayilo a Word ndi opepuka, sangakudyereni bandulo ngati mavidiyo.

Aphunzitsi a ku Ntcheu: Musaiwalenso mapasiwedi. Ambiri tinazolowera kuti Chrome imatikumbukirira, mpaka pasiwedi ya imelo yathu yomwe sitiidziwa. Musanachotse Windows yakale, onetsetsani kuti mukutha kulowa mu Gmail ndi Facebook pa foni, ndipo nambala yomwe inalembetsedwa pa akauntiyo ndi yomwe muli nayo pano.

Mayi a Tamanda: Zikomo nonse. Ndabwereka external kwa mlamu wanga, ndikukopera. Foda ya mayeso yadutsa bwino. Pa zithunzi yakakamira pa ziwiri, ndazidumpha monga mwanenera. Tsopano ndikamaliza nditani? Ndigule laputopu ina? Ndalama yake ndilibe panopa.

Wokonza Makompyuta Area 25: Simukufunika laputopu ina. Gulani disiki ya mtundu watsopano yotchedwa SSD, ya SATA, ya mainchesi 2.5, imalowa pamalo pomwe pali hadi disiki yakaleyo. Pa ntchito yanu 256GB ikukwanirani. SSD ilibe chozungulira m'kati. Pokopera fayilo yaikulu imafika cha m'ma 500MB pa sekondi pomwe disiki yanuyo ikanakhala yabwino ikanafika cha m'ma 100MB, koma kusiyana kwenikweni kuli pa timafayilo tating'ono tija, pamenepo imaiposa kutalitali. Pa SSD yatsopanoyo ndi pomwe muike Windows yoyera. Mukatero mwachita zonse ziwiri: mwachotsa disiki yodwala, mwachotsanso zinyalala za zaka zonsezi. Ubwino wina n'ngwakuti disiki yakale simuifufuta n'komwe. Mumangoitulutsa, n'kuiika m'kabokosi ka USB, ndipo mukakumbukira fayilo yomwe munaiwala mumakaitenga.

Pogula, pemphani yosatsegula m'paketi, ndipo ikalowa muiyese ndi CrystalDiskInfo yomweyo. Imaonetsa maola omwe disiki yagwira ntchito. Yatsopano siingaonetse maola masauzande.

Mnyamata wa Linux: Ine ndili ndi maganizo ena, mundikhululukire akuluakulu. Tikukamba zoikanso Windows 10, koma Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 nayo imafuna TPM 2.0, kachipangizo kachitetezo ka m'kompyuta, ndi purosesa ya Intel kuyambira 8th generation kupita m'tsogolo. Core i3 ya mu HP 250 G5 ndi yakale kuposa pamenepo. Ndiye amayi aika SSD yatsopano, n'kuikapo Windows yomwe mwini wake anaisiya, pa kompyuta yomwe tsiku lililonse imalandira maflashi a anthu osiyanasiyana. Bwanji osaika Linux Mint m'malo mwa Windows? Ndi yaulere, ya mtundu wa Xfce imayenda bwino pa RAM ya 4GB, imabwera kale ndi LibreOffice yomwe imagwira ntchito ngati Word, ndipo vairasi ya ma shortcut ija siigwira ntchito pa Linux.

Wa ku Ndirande: Windows 11 imalowa pa makompyuta akale. Pa Rufus, kapulogalamu kokonzera flashi yoikira Windows, pali pochonga kuti idumphe zofuna TPM.

Wokonza Makompyuta Area 25: Imalowa inde, ndinaikirapo anthu omwe anachita kuumirira. Koma Microsoft inanena poyera kuti kompyuta yotero siilonjezedwa ma update, ndipo pa RAM ya 4GB Windows 11 imalemera kuposa 10. Pa kompyuta yodyetsa banja sindingalangize zimenezo.

Za Linux Mint, achimwene mwanena zoona zambiri, ndipo ine ndimaikonda. Koma taganizirani ntchito ya amayiwa. Kasitomala amabwera ndi CV yomwe anaikonza mu Word, ya matebulo ndi mafonti ake. Mukaitsegula mu LibreOffice nthawi zina mizere imasuntha, masamba awiri n'kukhala atatu. Mayeso a masamu okhala ndi ma equation ndi zojambula ndiye amavuta kwambiri. Munthu wa pakhomo angapirire, koma pa shopu kasitomala amafuna pepala lituluke momwe analisiyira. Palinso pulinta. Amayi, pulinta yanu ndi yanji?

Mayi a Tamanda: Ndi Epson L3110, imapulinta ndi kusikana. Ndimagwiritsanso ntchito Publisher popanga makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro.

Mnyamata wa Linux: Publisher ndiye palibe pa Linux, pamenepo ndavomera. Koma amayi, tsiku lina mukadzapeza mpata, Linux Mint imatha kuyaka kuchokera pa flashi osaika chilichonse pa disiki. Mudzaiyese ndi mafayilo anu enieni ndi pulinta yanuyo, mudzaone nokha. Nkhani ya Windows 10 kutha siichoka, ingodikira.

Wokonza Makompyuta Area 25: Pamenepo tikugwirizana. Mu 2025 Microsoft inatsegula ndondomeko ya ESU, yopereka ma update achitetezo kwa anthu wamba mpaka pa 13 Okutobala 2026. Imafuna Windows 10 ya 22H2 ndi akaunti ya Microsoft, ndipo polembetsa pamapezeka mu Windows Update. Imeneyi ikupatsani nthawi yosonkhanitsa ndalama ya makina ena kapena yophunzira Linux modekha. SSD yomwe mugule lero siitayika, mudzaisamutsira kwina.

Mlongo wa ku Joni: Chinanso achemwali, musalole kuikiridwa ma Windows aja amati Lite kapena Super Lite, omwe anyamata amayenda nawo pa maflashi. Amaoneka othamanga chifukwa wina anachotsamo zinthu, nthawi zambiri kuphatikizapo Defender, antivirus yobwera ndi Windows, ndi Windows Update, ndipo simudziwa chomwe anaikamo. Inu mumasunga ma CV a anthu okhala ndi manambala a foni, masiku obadwa, makope a ziphaso. Windows itsitsidwe pa webusaiti ya Microsoft yeniyeni.

Mayi a Tamanda: Nanga layisensi? Ndikaika ina sindidzafunika kugula kiyi?

Wokonza Makompyuta Area 25: Funso labwino, ndipo muone musanatulutse disiki yakale. Pitani ku Settings, Update & Security, kenako Activation. Mutiuze zomwe zalembedwa, komanso ngati ndi Home kapena Pro. Ndikufunsa chifukwa malaputopu ena a mtundu umenewu ankagulitsidwa opanda Windows, ogulitsa n'kuikamo yawoyawo.

Mayi a Tamanda: Palembedwa Windows 10 Pro, ndipo pansi akuti activated with a digital license.

Wokonza Makompyuta Area 25: Ndiye zili bwino. Layisensi yotero imamangiriridwa ku bodi ya laputopu, osati ku disiki. Poika, ikakufunsani kiyi, dinani I don't have a product key, musankhe Pro yomweyo, osati Home. Ikadzalumikizidwa pa intaneti idzadzitsegula yokha. Office ndiye nkhani ina. Imeneyo ili ndi layisensi yakeyake, ndipo siibwera ndi Windows. Fufuzani kiyi yake kapena akaunti yomwe inalembetsedwa musanayambe, poti Word ndi Publisher ndiye ntchito yanu.

Kakonzedwe kake ndi aka. Mufunika flashi yosachepera 8GB yopanda kanthu, chifukwa idzafufutidwa yonse. Pa kompyuta ina yabwino, tsitsani Media Creation Tool pa webusaiti ya Microsoft, iyo ikonza flashiyo yokha. Imakoka ma GB angapo, ndiye chitireni pomwe pali WiFi yokhazikika kapena mugule bandulo yokwanira, kuti isadukire pakati. Tsiku lomwelo tsitsaninso madiraiva a Epson L3110, la pulinta ndi la sikana, ndi awiri osiyana, komanso diraiva wa WiFi wa HP 250 G5 pa webusaiti ya HP. Muwasunge pa external.

Kutsegula laputopu imeneyo kuti musinthe disiki, kupatseni munthu wozolowera. Chivundikiro chonse cha pansi chimachoka, ndipo timapulasitiki togwira m'mbali timathyoka msanga. Khalani pomwepo akamatsegula, ndipo disiki yakale muitenge m'manja. Ali m'katimo apukute fumbi pa fani, aonenso mtundu wa RAM ndi ngati pali malo oonjezera ina. Mukadzakwanitsa kufika 8GB mudzamva kusiyana mukatsegula Chrome ndi Publisher pamodzi.

Ikatsekedwa, lowetsani flashi, yatsani n'kumadina Esc, kenako F9, musankhe flashiyo. Posankha mtundu wa kuika, tengani Custom. SSD yatsopano idzaoneka ngati Unallocated Space, dinani pomwepo n'kupitiriza.

Aphunzitsi a ku Ntcheu: Ndipo muyambe magetsi alipo, chaja ili m'khoma. Mabatire a malaputopu akalewa sasunga moto. Ikazimira pakati muyambiranso.

Wa ku Ndirande: Funso langa ndi ili abwana. Kwa ife omwe disiki ili Good, kodi Reset this PC siyokwanira? Ine ndimaopa za maflashi ndi F9.

Wokonza Makompyuta Area 25: Ndi yokwanira nthawi zambiri. Ili mu Settings, Update & Security, Recovery. Keep my files imasiya mafayilo anu koma imachotsa mapulogalamu onse omwe munaika. Remove everything imachotsa zonse. Ngakhale musankhe yoyambayo, koperani kaye zinthu zanu. Koma musanafike n'komwe pamenepo, tsegulani Task Manager, pitani pa Startup, muzimitse zomwe simukuzifuna poyaka. Onaninso ngati muli ndi ma antivirus awiri kapena atatu. Ndimakumana ndi makompyuta ali ndi Avast, Smadav ndi ina yomwe inatha nthawi kalekale, onse akusanthula fayilo imodzi nthawi imodzi. Kungochotsa amenewo n'kusiya Defender, kompyuta imapepuka osafomata. Ngati muli ndi vairasi yomwe ikubwererabwerera, pamenepo ndiye ikani yoyera kuchokera pa flashi.

Mayi a Tamanda: Moni nonse, ndabweranso. SSD ndinagula, yaikidwa dzulo, ndinali pomwepo ndipo disiki yakale ili m'chikwama mwanga. Windows ndaika ndekha potsatira zomwe munalemba, manja akunjenjemera koma yalowa. Ikuyaka ndisanamalize kuvundukula pulinta. Word ikutseguka nthawi yomweyo. Task Manager ikuonetsa Disk pa 1% kapena 2%. Zithunzi ziwiri zija zinakakamira, chimodzi chakopeka kuchokera m'kabokosi ka USB, chinacho chakana. Vuto lomwe ndili nalo n'lakuti bandulo yomwe ndinagula m'mawa yatha isanafike masana, chonsecho sindinatsegule YouTube.

Mlongo wa ku Joni: Ndasangalala achemwali! Bandulo yadyedwa ndi Windows Update. Windows yatsopano imakoka ma update ndi madiraiva ambiri masiku oyamba. Ngati mukulumikiza ndi hotspot ya foni, pitani ku Settings, Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotspot yanuyo, muyatse Set as metered connection.

Wokonza Makompyuta Area 25: Chitani zimenezo, koma musaisiye choncho mpaka kalekale. Ma update amenewo mukuwafuna, makamaka a Defender, poti maflashi a makasitomala ayambiranso kulowa. Sankhani tsiku limodzi mupite pomwe pali WiFi, kapena mugule bandulo ya usiku, muzimitse metered, muisiye imalize zonse mpaka inene kuti palibe zotsala. Pomwepo mulembetse ESU ija. Disiki yakale musaisungirenso chinthu chatsopano, ingokhala yotengako zakale. External ya alamu anu mukabweza, mafayilo anu akhala pamalo amodzi okha, pa SSD, ndipo SSD ikamafa nthawi zambiri siichenjeza ndi kuchedwa ngati momwe yachitira hadi disiki yanuyi. Pezani flashi yanuyanu yosungira, yosalowa m'kompyuta ya munthu wina, muzikoperapo Loweruka lililonse potseka shopu.

Mayi a Tamanda: Ndamva achimwene, flashi ndigula ndisanabweze external. Kupulinta kukutheka bwinobwino, koma ndikadina sikani ikunena kuti siikuona sikana.

Wokonza Makompyuta Area 25: Mwaika diraiva wa pulinta yekha. Bwererani pa external paja, pali fayilo ina ya Epson Scan 2. Zulani chingwe cha USB cha pulinta, ikani pulogalamuyo, yambitsaninso laputopu, kenako mulowetse chingwecho pulinta ili yoyaka. Ikakanabe, mutitumizire chithunzi cha uthenga womwe ikulembawo.